Kodi munthu angapume kaye kumwa tenofovir wa hepatitis B akamva kuti wachira?

Bambo a Chikondi, Chinamwali

Ndikupereka moni kwa nonse a pagulu lino, makamaka inu ogwira ntchito zachipatala amene mumatiyankha mosatopa. Ndili ndi funso limene ndasankha kulifunsa poyera, chifukwa ndikukhulupirira kuti si ine ndekha amene ndili nalo. Anandipeza ndi kachirombo ka hepatitis B pamene ndinapita kukapereka magazi, ndipo nditayezedwanso kuchipatala patapita miyezi yoposa 6, kachiromboko kanapezekabe. HIV anandiyeza ndipo ndilibe. Adokotala ataona zotsatira za magazi a chiwindi, anandiyambitsa tenofovir, piritsi limodzi tsiku lililonse. Panopa thupi lili bwino, kutopa kuja kunatha, chakudya chikulowa, ndipo nditayezetsa komaliza anandiuza kuti chiwindi chakhazikika. Vuto ndi lakuti mapiritsi amene ndili nawo atsala pang'ono kutha, ndipo kumene ndimalandira anandichenjeza kuti mwina ena achedwa kufika. Popeza ndachira chonchi, kodi sindingapume kaye kwa miyezi iwiri kapena itatu, n'kudzayambiranso zinthu zikalongosoka? Abale ena kunyumba akunenanso kuti kumwa mapiritsi tsiku ndi tsiku munthu uli bwinobwino n'kungowononga impso pachabe.

Anamwino opuma, Matawale

Bambo a Chikondi, mwachita bwino kufunsa musanachite. Yankho langa ndi lakuti musapume ngakhale sabata imodzi popanda adokotala amene amakuonani kudziwa. Chimene mukuchitcha kuchira ndi umboni wakuti mankhwalawo akugwira ntchito, osati wakuti kachirombo katha. Tenofovir amatsekereza kachiromboka kuti kasachulukane, motero m'magazi kamachepa mpaka makina oyezera osakaona, koma mbewu yake imakhalabe itabisala m'kati mwa maselo a chiwindi, ndipo mankhwala amene tili nawo lero satha kuichotsa kumeneko. Zili ngati nsongole m'munda, imene mukapalira pamwamba munda umayera, koma mizu yake ili pansi kudikira kuti khasu lileke. Mukasiya kumwa, kachiromboko kamayambanso kuchulukana mofulumira, ndipo chitetezo cha m'thupi chikazindikira zimenezi chimaukira nthawi imodzi maselo onse a chiwindi amene ali ndi kachiromboko. Chiwindi chimatupa koopsa, nthawi zina kuposa mmene chinalili musanayambe mankhwala. Kutupaku kumatha kubwera patapita masabata angapo kapena miyezi ingapo, munthu ataiwala kale kuti analeka mapiritsi, ndipo kwa amene chiwindi chake chili kale ndi zipsera, chimatha kusiyiratu kugwira ntchito. Pa zaka zimene ndinagwira ntchito m'mawodi ndinalandirapo anthu maso ali chikasu, mimba itatupa, achibale n'kumafotokoza kuti munthuyu anali atachira ndipo n'chifukwa chake anasiya mankhwala. Sindikufuna kuti zimenezo zikuchitikireni.

Adokotala a pagulu, Zomba

Mayi anamwino anena chenicheni, ndipo ine ndingowonjezera chifukwa chimene a Bambo a Chikondi anayambira mankhwala poyamba, popeza yankho lili pamenepo. Si aliyense wopezeka ndi hepatitis B amene amapatsidwa mankhwala. Ambiri amangoyezedwa chaka ndi chaka, chifukwa kachirombo kawo n'kochepa ndipo chiwindi chawo sichikuwonongeka. Amene timamuyambitsa mankhwala ndi amene taona kuti chiwindi chake chayamba kuchita zipsera, kapena amene ali ndi kachirombo kochuluka m'magazi pamene ALT, imene imasonyeza kutupa kwa chiwindi, yakwera, kapenanso amene ali ndi zifukwa zina monga HIV, kapena m'banja mwake muli amene anadwala khansa ya chiwindi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo oyamba a nthendayi mu 2015, ndipo mu Malichi 2024 linatulutsa atsopano amene anachulukitsa anthu oyenera kulandira mankhwala. Malangizowo amalola kuti kumene kulibe makina oyezera kuchuluka kwa kachirombo, tigwiritse ntchito chiwerengero chotchedwa APRI, chosonyeza ngati chiwindi chili ndi zipsera, chimene timachipeza pophatikiza zotsatira ziwiri za magazi zimene zipatala zambiri zimatha kuyeza. Choncho ngati munayambitsidwa mankhwala, ndiye kuti panali chimene chinaoneka, ndipo chimenecho sichinachoke chifukwa chakuti thupi lapepuka.

Kwa anthu ambiri mankhwalawa ndi a moyo wonse, ndipo amene chiwindi chake chinauma kale ndi zipsera sayenera kusiya n'komwe. Alipo ochepa amene dokotala angawalole kusiya, koma amakhala oti alibe zipsera zoterozo, magazi awo asonyeza kusintha kwenikweni kwa nthawi yaitali, ndipo angathe kumayezedwa pafupipafupi kwa miyezi yambiri atasiya, kuti kachirombo kakadzuka ayambirenso msanga. Kusiya chifukwa botolo latha si kusiya kwa mtundu umenewo.

Ndipemphe aliyense amene ali pa mankhwalawa, kapena anawasiya, kuti akaona maso kapena zikhatho zasanduka chikasu, mkodzo wakuda kwambiri, mimba kapena miyendo ikutupa, kusanza magazi, chimbudzi chakuda bii, kugona kwambiri masana kapena kulankhula zosokonekera, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ku Zomba Central Hospital ndiye kuchipatala chachikulu cha chigawo chino, koma amene ali kutali ayambire pachipatala chapafupi kuti amutumize.

Bambo a Chikondi, Chinamwali

Zikomo kwambiri mayi, zikomo adokotala. Ndamva, ndipo maganizo opuma aja ndawasiya. Komabe mfundo ziwiri zikanali pomwepo. Ya impso ija abale anga sanaipeke okha, popeza ngakhale pa kapepala ka m'botolo palembedwa za impso. Kachiwiri, ngati mankhwala achedwadi kufika, ndichite chiyani? Pali mnansi wanga amene amamwa ma ARV ndipo akuti mwa iwo mulinso tenofovir, moti wandilonjeza kundigawirako.

Adokotala a pagulu, Zomba

Za impso abale anu sakunama, koma njira yake si kusiya mankhwala. Tenofovir wa 300 mg amatuluka m'thupi kudzera mu impso, ndipo mwa anthu ochepa amatha kuzifooketsa pang'onopang'ono, komanso kuchepetsa kulimba kwa mafupa. N'chifukwa chake timayeza mkodzo ndi creatinine wa m'magazi, amene amasonyeza mmene impso zikugwirira ntchito, munthu asanayambe, kenako kamodzi pachaka, ndipo kawirikawiri kuposa pamenepo kwa amene ali ndi shuga, kuthamanga kwa magazi, msinkhu wopita, kapena vuto la impso lakale. Impso zikayamba kufooka sizipweteka, choncho munthu sangadziwe payekha popanda kuyezetsa. Zikapezeka kuti zafooka, dokotala amatha kusintha kamwedwe kake kapena kukupatsani mankhwala ena monga entecavir kapena tenofovir alafenamide, amene savutitsa impso kwambiri, ndipo kachirombo kamakhalabe koponderezedwa nthawi yonse ya kusinthako. Yang'anani m'buku lanu la kuchipatala ngati creatinine analembedwamo m'chaka chathachi, ndipo ngati mulibe, kapempheni kuti akuyezeni.

Chimene chimavulaza impso za anthu athu kwambiri ndi mankhwala a ululu amene timagula tokha pagolosale ndi pamsika, monga ibuprofen, diclofenac ndi indomethacin, amene ambiri timawadziwa ndi mayina a Brufen ndi Indocid. Munthu wa kabaza kapena wolima akamva msana amameza awiriawiri kwa masiku ambiri, ndipo akawaphatikiza ndi tenofovir m'nyengo yotentha ya Okutobala asakumwa madzi okwanira, impso zimalemedwa. Kwa amene chiwindi chinauma, mankhwala omwewa amathanso kuyambitsa kutaya magazi m'mimba. Panado ndiye wabwinopo, koma pa mlingo wochepa, ndipo kwa wodwala chiwindi nthawi zambiri timalangiza kuti asapitirire magalamu 2 patsiku, amene ndi mapiritsi 4 a 500 mg. Mukatsegula m'mimba kapena kusanza kwambiri, imwani thanzi ndi madzi, ndipo pitani kuchipatala m'malo mongodikira.

Za mnansi wanu, mtima wake ndi wabwino koma musalandire. Mapiritsi ake anawerengedwa molingana ndi masiku ake, ndipo lililonse limene angakupatseni ndi tsiku limene iyeyo adzagone osamwa. Mulinso mankhwala a HIV amene inu simukuwafuna. Bwererani kumene mumalandira mapiritsi anu asanathe, makamaka kukali masabata awiri, mukanene momveka kuti muli ndi hepatitis B ndipo munauzidwa kuti musadukize, ndipo ngati kulibe akulembereni kalata yopita kwina. Malangizo a 2024 aja amalola kuti tenofovir payekha akasowa, munthu apatsidwe tenofovir wophatikizidwa ndi lamivudine kapena emtricitabine, koma wosankha zimenezo ndi dokotala, ndipo zilembedwe m'buku lanu. Musadule piritsi pakati kapena kumwa modumphitsa masiku kuti botolo likhalitse.

Wogwira ntchito ku famase, Mpondabwino

Ndilowepo pa za kagulidwe ndi kasungidwe, popeza ena akasowa mankhwala kuchipatala amabwera kudzagula. Gulani ku famase yovomerezeka ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, mutatenga kalata ya dokotala, osati kwa munthu woyenda ndi chikwama kapena wotsatsa pa WhatsApp. Onani kuti botolo n'lomata, tsiku lotha mphamvu likuwerengeka, ndipo dzina lonse la mankhwala likufanana ndi limene lili m'buku lanu, chifukwa pali tenofovir wa mitundu iwiri, wa 300 mg ndi wa 25 mg (tenofovir alafenamide uja), ndipo kusiyana kwa manambalawo sikutanthauza kuti winayo ndi wofooka. M'botolo mumakhala kathumba kapena kachitini koyamwa chinyezi, ndipo musakataye kapena kukameza. Musakhuthulire mapiritsi m'pepala kapena m'jumbo pofuna kubisa, chifukwa chinyezi cha dzinja la kuno chimawawononga. Asungeni pamalo ouma, kutali ndi moto, kutali ndi zenera lolowa dzuwa, ndiponso pamene ana sangafike.

Mafunso awiri amene ndimalandira kwambiri ndi a kuiwala ndi kusanza. Mukaiwala tenofovir wa 300 mg n'kukumbukira maola 12 asanathe kuchokera pa nthawi yanu, imwani pomwepo, mawa lake mupitirize pa nthawi ya masiku onse. Ngati maola 12 apitirira, lisiyeni limenelo mudikire lotsatira, ndipo musamwe awiri pofuna kubweza. Mukasanza ola limodzi lisanathe chimwereni, imwani lina, koma ola likadutsa musabwereze. Ambiri amapeza bwino akamamwa pamodzi ndi chakudya, chifukwa nseru imachepa. Amene akumwa entecavir asatengere zimenezi, popeza iyeyo amamwedwa m'mimba mulibe kanthu, patapita maola 2 chidyereni ndiponso kukali maola 2 kuti mudyenso.

Che Asiyatu, Songani

Zikomo achimwene a ku famase chifukwa cha tsatanetsatane ameneyu. Amuna anga amamwa tenofovir m'mawa akamapita kuntchito, ndipo funso langa ndi la mwezi wa Ramadan, pamene sitidya kapena kumwa kanthu kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Chipembedzo chathu chimaloleza wodwala kusiya kusala n'kudzabweza masiku ake pambuyo, koma iwo amadziona kuti ndi amphamvu ndipo amafuna kusala pamodzi ndi anzawo. Kodi angathe kutero popanda kuwononga mankhwala?

Anamwino opuma, Matawale

Che Asiyatu, popeza piritsi lake ndi limodzi patsiku, nthawi zambiri zimatheka popanda vuto. Angathe kulimwa pa chakudya cha m'bandakucha, chimene chili pafupi ndi nthawi imene anazolowera, kapena kusamutsira pa chakudya chomasulira madzulo, malinga asankhe nthawi imodzi n'kukhala nayo mwezi wonse. Usiku amwe madzi okwanira chifukwa cha impso zija. Koma ngati anawauza kuti chiwindi chawo chinauma, kapena ali ndi shuga kapena vuto la impso, akambirane ndi adokotala mwezi usanayambe, popeza chiwindi chouma sichisunga mphamvu zokwanira kupirira maola ambiri osadya. Zomwezi ndikuuzanso Akhristu anzanga amene amasala kudya kapena kukwera phiri kukapemphera. Botolo lipite nawo kuphiriko. Ndipo wina akakuuzani mutapemphereredwa kuti mwachira, pitirizani kumwa mpaka magazi anu ayezedwe ndipo dokotala anene, chifukwa pemphero ndi piritsi sizilimbana.

Mlimi wa ku Thondwe

Ine ndilankhula mosiyana pang'ono, ndipo mundikhululukire akuluakulu. Makolo athu ankadwala chikasu, ankamwa mankhwala azitsamba, n'kuchira, mapiritsi amenewa asanabwere. Agogo anga anachiza anthu ambiri a maso achikasu ndipo anthuwo anakhala moyo mpaka ukalamba. N'chifukwa chiyani lero tikuuzidwa kuti munthu amwe mankhwala moyo wake wonse, pamene zitsamba zinkathetsa nkhaniyi m'masabata ochepa? Sindikunyoza chipatala, koma ndikuona ngati nzeru za makolo tikuzitaya mofulumira.

Adokotala a pagulu, Zomba

Bambo a ku Thondwe, funso lanu n'lomveka ndipo zimene munaona kwa agogo anu sindikuzitsutsa. Anthu aja anachiradi, koma tiyeni tione chimene chinawachiritsa. Chikasu ndi chizindikiro chabe, ndipo chimabwera ndi matenda ambiri. Hepatitis A, amene amafala kudzera m'madzi ndi chakudya chodetsedwa, amachititsa chikasu n'kutha yekha m'masabata angapo, ndipo sakhazikika m'thupi. Malungo aakulu amachititsanso chikasu. Ngakhale hepatitis B yemweyu, akagwira munthu wamkulu, anthu pafupifupi 95 mwa 100 alionse amamugonjetsa okha ndi chitetezo cha m'thupi mwawo. Choncho munthu wotere akamwa chitsamba amachira, akapanda kumwa amachiranso, ndipo ulemu umapita kwa chimene anamwa. Nthenda imene tikukamba pano ndi ina. Ambiri amene ali nayo kuno anaitenga pobadwa kapena ali ana aang'ono, ndipo khanda likatenga kachiromboka m'chaka choyamba, pafupifupi 90 mwa 100 amakhala nako mpaka kalekale. Oterewa sachita chikasu kwa zaka makumi angapo, kachirombo kakudya chiwindi mwakachetechete, ndipo ena amadzafa ndi mimba yotupa kapena chotupa cha m'chiwindi akali ndi zaka zogwira ntchito. Imfa zoterozo kumudzi zinalipo kuyambira kale, koma zinkatchedwa mayina ena ndipo palibe ankazilumikiza ndi chikasu. Lipoti la WHO la 2024 linanena kuti mu 2022 anthu pafupifupi 254 miliyoni padziko lonse anali ndi hepatitis B wokhazikika, ndipo pafupifupi 1.1 miliyoni anamwalira naye m'chaka chimenecho.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi zitsamba kwa wodwala chiwindi n'chakuti chilichonse chimene munthu wameza chimadutsa m'chiwindi kuti chisefedwe, ndipo zosakaniza za m'mabotolo zimene zikugulitsidwa masiku ano ndi dzina lakuti zotsuka chiwindi sizidziwika zimene zilimo kapena mlingo wake. Chiwindi chodwala kale chimavulala msanga ndi zoterezi. Ngati wina akumwa kale, auze dokotala mosabisa, chifukwa ALT ikakwera tiyenera kudziwa ngati wachititsa ndi kachirombo kapena chitsamba. Ndipo kutema mphini ndi lumo limodzi kwa anthu angapo ndi njira imodzi imene kachiromboka kamafalira, popeza kamatha kukhala ndi moyo pa chitsulo chokhala ndi magazi ouma kwa masiku osachepera 7.

Mlimi wa ku Thondwe

Mfundo ya chikasu chotha chokha ndaimva ndipo ndiilingalira. Ya lumo ndiye ndikuvomereza popanda kutsutsa, chifukwa ngakhale kumeta kwathu kumudzi lumo limayenda mitu yambiri.

Mlongo wanu, Sadzi

Pepani kuti sinditchula dzina. Ine ndimamwa ma ARV amene m'buku mwanga analemba kuti 13A, ndipo chaka chatha anandipezanso ndi hepatitis B, koma sanandipatse mankhwala ena owonjezera. Powerenga zimene mwalemba pano ndayamba kuda nkhawa kuti mwina anandiiwala. Kodi ndikapemphe tenofovir wapadera?

Adokotala a pagulu, Zomba

Achemwali, sanakuiwaleni, ndipo musawonjezere tenofovir wina. Piritsi la 13A lili ndi tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, ndipo awiri oyambawo amagwira ntchito pa HIV ndi pa hepatitis B nthawi imodzi. Dziko lathu linayamba kupereka kwambiri mapiritsi amenewa mu 2019. Chimene muyenera kusamala n'chakuti tsiku lina angafune kukusinthirani mankhwala, mwina chifukwa cha impso, n'kukupatsani ena opanda tenofovir, monga a abacavir kapena zidovudine. Pa HIV angagwire bwino, koma pa hepatitis B mudzatsala ndi lamivudine yekha, amene kachiromboka kamamuzolowera m'zaka zochepa, ndipo chiwindi chikhoza kutupa monga mwa munthu amene wasiya mankhwala. Choncho onetsetsani kuti hepatitis B walembedwa moonekera m'buku lanu ndi pa khadi lanu, ndipo aliyense wofuna kukusinthirani mankhwala mumukumbutse ndi pakamwa panu.

Zimenezi zikukhudzanso amene amamwa mapiritsi a PrEP podziteteza ku HIV, popeza namonso muli tenofovir. Munthu amene ali ndi hepatitis B osadziwa akamayamba n'kumasiya PrEP mmene wafunira, amaika chiwindi chake pangozi, ndipo jekeseni ya cabotegravir yoteteza ku HIV sigwira ntchito pa hepatitis B. Komanso inu amene mulibe HIV ndipo mukumwa tenofovir payekha, muziyezetsa HIV nthawi ndi nthawi, chifukwa mutatenga HIV osadziwa, tenofovir payekha sangakwanire ndipo kachirombo ka HIV kangamuzolowere.

Nachisale, Chikanda

Moni amayi ndi abambo. Mng'ono wanga ndi woyembekezera ndipo kusikelo anamupeza ndi hepatitis B. Akuti mwina amuyambitsa mankhwala, koma apongozi ake akukana, akuti mapiritsi amphamvu otere awononga mwana m'mimba, ndiponso kuti asadzayamwitse. Banja lonse lasokonezeka, mpaka ena ayamba kumupatulira mbale ndi kapu.

Anamwino opuma, Matawale

Mwana wanga Nachisale, kauzeni apongoziwo mwaulemu kuti mankhwala amenewa ndi oteteza mdzukulu wawo yemweyo. Tenofovir wa 300 mg wamwedwa ndi amayi oyembekezera ambirimbiri m'dziko lino kudzera mu ma ARV kwa zaka zambiri, ndipo ndi amene amasankhidwa pa pakati. Mayi akakhala ndi kachirombo kochuluka m'magazi, amapatsidwa mankhwalawa m'miyezi ya pakati ndi yomalizira kuti pofika tsiku lobereka kakhale katachepa, chifukwa nthawi yobereka ndiyo imene mwana amatengera kwambiri. Chachiwiri ndi katemera. Mwana wobadwa kwa mayi wotere amafunika katemera wa hepatitis B pasanathe maola 24 chibadwireni, kenako n'kulandira katemera wa masiku onse pa masabata 6, 10 ndi 14, amene kuno kwathu wakhala ali ndi hepatitis B m'kati mwake kuyambira 2002. Mng'ono wanu afunse kusikelo panopa, osati tsiku la matenda, kumene katemera wa tsiku loyambayo angapezeke, ndipo akachilire kuchipatala. Kuyamwitsa ayamwitse ndithu. Akabereka asadzasiye mankhwala payekha, popeza ena amapitiriza chifukwa cha chiwindi chawo, ndipo amene amaloledwa kusiya amayezedwa magazi kwa miyezi ingapo pambuyo pake.

Za mbale ndi kapu zandipweteka mtima. Kachiromboka sikafala podyera mbale imodzi, kupatsana moni wa m'manja, kukhosomola, kapena kulumidwa ndi udzudzu. Kamafala kudzera m'magazi, pogonana, ndi pobereka. Zoyenera kupatula ndi lumo, mswachi ndi chowengera zikhadabo, osati nsima. Mwamuna wake, ana ake ena, ngakhale inu abale ake obadwa mimba imodzi, mukayezetse, ndipo amene apezeke alibe kachirombo afunse za katemera, amene kwa wamkulu amabayidwa katatu.

Wogulitsa nsomba, Kachulu

Ndafika mochedwa koma ndawerenga zonse. Funso langa ndi la mowa, ndipo ndilifunsa m'malo mwa anzanga ambiri a kunyanja ya Chilwa. Kachasu tikudziwa kuti ndi woipa, koma nanga masese kapena Chibuku pang'ono pa Loweruka, munthu akumwa mankhwala ake mokhulupirika?

Adokotala a pagulu, Zomba

Achimwene, chiwindi sichisiyanitsa kachasu ndi masese, chimangowerenga kuchuluka kwa mowa umene walowa, ndipo chipanda cha masese chimalowetsa wambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Tenofovir amaletsa kachirombo, koma saletsa zipsera zobwera ndi mowa, ndipo ziwirizi zikakumana chiwindi chimauma msanga. Kwa wodwala hepatitis B malangizo anga ndi kusiyiratu. Woledzera amaiwalanso piritsi.

Pali poizoni wina amene sitimukamba mokwanira, wochokera ku chuku chimene chimamera pa mtedza ndi chimanga chosaumitsidwa bwino, wotchedwa aflatoxin. Payekha amayambitsa khansa ya chiwindi, koma mwa munthu amene ali ndi hepatitis B chiopsezocho chimachuluka kwambiri. Chizolowezi chathu n'chakuti mtedza wabwino timagulitsa, wofota ndi wowola uja n'kusinja nsinjiro za pakhomo, ndipo ena amawaza madzi pa mtedza kuti usendeke mosavuta, zimene zimaitana chuku. Kuphika kapena kukazinga sikuthetsa poizoniyu. Sankhani mtedza ndi chimanga musanasinje kapena kupita nacho kuchigayo, ndipo zowola muzitaye.

Ndinenenso kuti mankhwala amachepetsa kwambiri chiopsezo cha khansa ya chiwindi koma sachichotseratu. Amene chiwindi chake chinauma, kapena amene kholo kapena m'bale wake anadwala khansayi, afunse za kujambulidwa pamimba ndi sikani miyezi 6 iliyonse, chifukwa chotupa chaching'ono sichipweteka.

Aphunzitsi a ku Domasi

Adokotala, mlamu wanga anamupeza ndi hepatitis C ndipo anamuuza kuti amwa mankhwala miyezi itatu yokha. Kodi zimenezi sizikutsutsana ndi zimene mwanena za moyo wonse?

Adokotala a pagulu, Zomba

Sizikutsutsana aphunzitsi, ndi tizirombo tiwiri tosiyana. Hepatitis C amachizika, ndipo mankhwala monga sofosbuvir ndi daclatasvir akamwedwa tsiku lililonse kwa masabata 12 amachiza anthu oposa 95 mwa 100. Mlamu wanu ayezedwe hepatitis B asanayambe, chifukwa C akamachoka B wobisala amatha kudzuka, ndipo anene ngati akumwa mankhwala a TB okhala ndi rifampicin kapena a khunyu monga carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbital, amene amafooketsa mankhwala a hepatitis C. Akamaliza adzayezetsenso patapita masabata 12 kuti atsimikize kuti wachira.

Che Asiyatu, Songani

Ndifunsenso kamodzi m'malo mwa mphwanga, amene akumwa tenofovir ndipo akukonzekera ulendo wa ku Johannesburg kukafuna ntchito. Sakudziwa kuti adzabwera liti. Achite bwanji?

Wogwira ntchito ku famase, Mpondabwino

Apite kuchipatala kumene amalandira asananyamuke, akanene za ulendowo, ayezetse chiwindi ndi impso, ndipo apemphe mankhwala a miyezi ingapo pamodzi ndi kalata yachingerezi yonena matenda ake, dzina la mankhwala, mlingo wake ndi zotsatira zomaliza za magazi. Ajambulenso kalatayo ndi masamba a m'buku lake pa foni. Mabotolo akhale m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wa pansi pa basi kapena m'ngolo, kumene kumatentha ndiponso katundu amasowa, ndipo akhale m'mabotolo ake enieni kuti pachipata cha Mwanza, cha Nyamapanda kapena cha Beitbridge asavutike kufotokoza. Akafika asadikire kuti botolo lomaliza litsegulidwe, koma afufuze chipatala chapafupi m'mwezi woyamba womwewo n'kukaonetsa kalatayo. Kutumizirana mapiritsi kudzera kwa oyendetsa mabasi asakudalire, chifukwa phukusi likachedwa pamalire masabata awiri, iye amakhala masabata awiriwo osamwa.